Mlatho wa Dona Ana, ngongole ya Nyasaland

Munthu amene wauyamba wapansi kuchoka ku Mutarara kupita ku Sena, tsidya lina la mtsinje wa Zambezi m'dziko la Mozambique, amatha mphindi zoposa 40 ali pamlatho umodzi. Mlathowo ndi wa Dona Ana, wotalika makilomita pafupifupi 3.7. Pakati pake pamadutsa njanji. M'mbali mwake muli kanjira kopapatiza ka anthu, momwe amayi osenza madengu a nsomba ndi tomato amapatukirana ndi ana asukulu komanso anyamata a kabaza oliza mabelu. Sitima ikamabwera, kunjenjemera kwa chitsulo kumayamba kumveka m'mapazi mutu wa sitimayo udakali kutali. Mlendo amaima n'kugwiritsa chitsulo cham'mbali, eni dera ali kupitiriza macheza awo ngati palibe kanthu.

Pomwe unkatsegulidwa mu 1935, mu Africa monse munalibe mlatho wina wa njanji wotalika kuposa umenewu. Amalawi ambiri sadauonepo, chonsecho kuchoka pa Marka, pamalire a boma la Nsanje, kukafika pomwe uli ndi mtunda wosakwana makilomita 50. Uli m'dziko la eni, koma udamangidwa chifukwa cha Nyasaland, ndipo ngongole yake idakolekedwa m'khosi mwa Nyasaland yemweyo.

Zonse zidayamba ndi kuphwa kwa madzi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, khomo lolowera ku Nyasaland linali mtsinje. Katundu ankatsitsidwa ku Chinde, pomwe Zambezi amathira m'nyanja yamchere, pamalo omwe Angerezi adabwereka kwa Apwitikizi mu 1891. Kuchoka apo sitima zapamadzi za kampani ya African Lakes, yomwe anthu ankangoti Mandala, pamodzi ndi za makampani ena, zinkakwera Zambezi n'kulowa mu Shire mpaka kufupi ndi Chikwawa. Kumeneko atengatenga ankasenza katunduyo pamutu n'kukwera naye mapiri mpaka ku Blantyre. Koma m'zaka zomwezo madzi a m'nyanja ya Malawi adayamba kutsika, Shire nayenso n'kuchepa, sitima n'kumatitimira mumchenga. Doko lidasamukira kumunsi, ku Chiromo, kenako ku Port Herald, komwe lero ndi ku Nsanje. Njanji yoyamba, ya Shire Highlands Railway, idalumikiza Port Herald ndi Blantyre mu 1908. Sipadapite nthawi, pa Port Herald pomwepo sitima zapamadzi zinkangofika miyezi yowerengeka pachaka. Njanji idalondola madziwo kumwera, n'kudumpha malire, mpaka idakaima pa Chindio m'mphepete mwa Zambezi cha m'ma 1915.

Tsidya linalo nakonso kudabwera njanji. Ya Trans-Zambezia Railway idachoka pa Dondo, kufupi ndi doko la Beira, n'kufika pa Murraça mu 1922, chaka chomwe namondwe adasasantha tawuni ya Chinde. Tsopano panali njanji ziwiri zoyang'anizana, pakati pali mtsinje wotambalala wosafuna kukhala malo amodzi. Fodya wochokera ku Limbe ankatsitsidwa m'mabogi pa Chindio, kukwezedwa m'mabwato akuluakulu okokedwa ndi sitima yapamadzi, kuwolotsedwa, kutsitsidwanso, n'kukwezedwanso m'mabogi ena. M'chilimwe madzi ankachepa moti mabwato ankakakamira pamchenga. M'dzinja madzi ankachuluka mpaka kumiza njanji ya m'mphepete. Katundu ankakhala padoko masiku ambiri, wina kunyowa, wina kusowa.

Kuti pankafunika mlatho, palibe ankatsutsa. Mkangano unali pa yemwe alipire.

Yankho lidachokera ku mavuto a ku Britain. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, mafakitale a zitsulo kumeneko ankasowa ogula, ndipo anthu ambirimbiri anali pa ulova. Mu 1929 nyumba ya malamulo ya ku London idakhazikitsa lamulo la Colonial Development Act, lomwe lidanena poyera kuti cholinga chake china n'kutukula malonda ndi mafakitale a ku Britain komweko kudzera m'ntchito za m'maiko omwe dzikolo linkalamulira. Mlatho wa makilomita oposa atatu unkatanthauza matani ochuluka a chitsulo, ndipo chitsulo chonsecho chinali chokagulidwa kwawo. Ntchito yomanga idapatsidwa kwa kampani ya Cleveland Bridge and Engineering ya ku Darlington, yomwe idamanganso mlatho wa pa Victoria Falls mu 1905. Kuseri kwake kunalinso anthu a ndalama monga Libert Oury, mkulu wa ku Belgium yemwe chuma chake chinali chomangirirana ndi doko la Beira ndi njanji ya Trans-Zambezia. Kwa iye, bogi iliyonse yowoloka Zambezi inali phindu.

Malo omwe adasankha ndi kumtunda kwa Chindio, pakati pa Mutarara ndi Sena. Sena ndi tawuni yakalekale, yomwe Apwitikizi adakhazikikamo m'zaka za m'ma 1500, ndipo chipata cha linga lawo la São Marçal chikadalipo mpaka lero. Anthu a tsidya ili ndi tsidya ilo ndi amodzi, Asena, abale a omwe ali ku Nsanje. Iwo ankawoloka mtsinjewu pamabwato mzungu asadaganize za mlatho.

Wina akauyang'ana kuchokera pagombe amaona zitsulo zopingasana, kubwerezabwereza mpaka maso kutopa, ngati kuti womanga adasowa nzeru zina. Nzeru yake ili pa kupingasana komweko. Kalipentala aliyense amene adakhomapo denga la tchalitchi amadziwa kuti matabwa anayi okhomedwa m'makona anayi amapendama ukawakankha, koma atatu okhomedwa m'makona atatu sasuntha pokhapokha limodzi litathyoka. Mlatho wa mtundu umenewu ndi makona atatu ambirimbiri olumikizana. Sitima ikakwerapo, zitsulo zam'mwamba zimapanikizika, zam'munsi zimakokeka, ndipo zopingasa zija zimagawa kulemerako n'kukupereka ku zipilala za mbali zonse ziwiri. Palibe chitsulo chimodzi chomwe chimasenza chokha. N'chifukwa chake mlatho wooneka wamipatamipata, womwe mphepo imangodutsa, umanyamula sitima yodzaza malasha. Wa Dona Ana uli ndi zigawo zikuluzikulu 33, chilichonse chotalika mamita 80, ndi zina 7 za mamita 50, kuphatikiza mbali yolowera yomwe imadutsa pamwamba pa dambo losefukira. Chigawo chilichonse chimakhala pa zipilala ziwiri, osadalira chinzake. Zipilalazo zidamangidwa pa zitsime za konkire zomwe ankazimiza pang'onopang'ono, akukumba mchenga wa m'kati mwake, mpaka zitakhazikika pansi polimba.

Woyenda m'kanjira kam'mbali kaja akaima n'kuyang'anitsitsa pomwe zitsulo zakumana, amaona timitu tozungulira tandandalika m'mizere, tosalala chifukwa cha penti wa zaka zambiri. Amenewo ndi maliveti, ndipo lililonse lidalowetsedwa ndi manja a anthu. M'masiku amenewo kuwotcherera zitsulo kunali kusadafale pa ntchito zazikulu ngati iyi. Mmodzi ankawotcha liveti pambaula mpaka kufiira, n'kuliponya ndi mbaniro. Wachiwiri ankaliwakha m'chitini n'kulilowetsa pabowo. Wachitatu ankalitsamira ndi chitsulo cholemera kumbuyo, pamene wachinayi ankalimenya kutsogolo mpaka kupanga mutu wina. Likamazizira linkafupika, n'kukoka zitsulo ziwirizo kuti zigwirane zolimba. Likazizira lisadamenyedwe bwino, ankalidula n'kuyambiranso. Ntchito imeneyi inkachitika pamwamba pa mtsinje wa ng'ona, m'chigwa chomwe kutentha kwake anthu a ku Nsanje ndi Chikwawa safuna kuuzidwa, komanso momwe malungo anali osasowa. Ogwira ntchito akuda analipo zikwi zingapo, ena a ku Mozambique komweko, ena ochokera ku Nyasaland, panthawi yomwe m'dziko la Apwitikizi ntchito yokakamiza ya chibalo inali ponseponse. Mbiri yolembedwa idasunga maina a makampani ndi mainjiniya. Za anthu amenewa chomwe chimaoneka ndi mizere ya maliveti ija.

Walira mvula walira matope. Boma la Nyasaland linali litasaina kale kuti lidzalipira chiwongoladzanja cha ngongole za Trans-Zambezia Railway ngati kampaniyo ilephera, ngakhale kuti njanji yonseyo inali m'dziko la Mozambique. Kampaniyo inkalepheradi. Pamwamba pa mtolo umenewo padabwera wa mlatho, ndi wa njanji yopitirira kuchoka ku Blantyre kukafika ku Salima, yomwe idathanso mu 1935. Kadziko kosauka komwe chuma chake chachikulu chinali msonkho wa nyumba kadapezeka kakusenza ngongole ya njanji yoposa msinkhu wake, pomwe sukulu ndi zipatala zambiri zidasiyidwa m'manja mwa amishoni. Pofuna kubweza ndalama, eni njanji adakweza mitengo yonyamulira katundu. Tiyi ndi fodya zinkakwanitsa, poti mtengo wake kunja unali wabwino. Chimanga ndi mtedza wa mlimi wamba zikafika ku Beira phindu linali litathera m'njira. Chaka chomwe mlatho unkatsegulidwa, komiti yomwe boma lidakhazikitsa kuti ifufuze za anthu opita kunja idapeza kuti amuna pafupifupi 120,000 a ku Nyasaland anali kunja kwa dziko, ambiri m'migodi ndi m'mafamu a ku Southern Rhodesia ndi South Africa. Ena mwa iwo ndi aja adasanduka matchona.

Akatswiri a mbiri sadaunyengerere mlathowu. Leroy Vail adalemba mu 1975 kuti njanji za Nyasaland, m'malo molitukula dzikolo, zidathandiza kulisaukitsa. Landeg White adalemba buku lathunthu mu 1993, Bridging the Zambezi, momwe adaonetsa kuti ntchito yonseyi inali kupusa kwa atsamunda. Pa nkhani ya ndalama ndi ya yemwe adapindula, mfundo zawo n'zovuta kuzitsutsa. Komabe kuunena mlathowu kuti unali wachabechabe n'kupyola muyeso. Kwa zaka zoposa 40, tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje, fodya wa ku okushoni ya ku Limbe, thonje la m'chigwa cha Shire, ndipo pambuyo pake shuga wa ku Nchalo, zonse zinkadutsa pamenepa. Pobwerera mabogi ankanyamula mafuta, feteleza, mchere ndi makina. Mu 1949 nthambi ina ya njanji idachoka pa Dona Ana kupita ku migodi ya malasha ya Moatize ku Tete. Ngakhale njanji ya ku Nacala itatsegulidwa mu 1970, kudzera pa Nkaya ndi Nayuchi, Beira adakhalabe khomo lalikulu la Malawi. Chinthu chikhoza kubadwa pa zifukwa zokhota n'kudzakhala chofunika kwa anthu omwe sadafunsidwe n'komwe pochimanga. Kufunika kwake kudaoneka bwino tsiku lomwe chidasiya kugwira ntchito.

Mozambique idalandira ufulu mu 1975, ndipo pasanathe zaka zambiri nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi zigawenga za Renamo idabuka. Njanji inali chandamale chosavuta: yaitali, yopanda mlonda, yodutsa m'tchire. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 sitima za pakati pa Malawi ndi Beira zidaima. Mu 1986 asilikali a Renamo adaphulitsa mbali ya mlathowu, zigawo zina n'kugwa. Katundu wa Malawi, yemwe pafupifupi yense ankadutsa pa Beira ndi Nacala, adayamba kuzungulira pamalole mpaka ku Durban ndi Dar es Salaam, ndipo mtengo wa ulendo wautaliwo unkathera pa thumba la feteleza ndi lita ya palafini ya munthu wakumudzi. Anthu a ku Mutarara ndi madera ozungulira adathawira kumpoto, kwa abale awo. Misasa ya Mankhokwe ndi Nyamithuthu ku Nsanje idadzaza, mpaka padafika nthawi yomwe othawa nkhondo m'bomalo adachuluka kuposa eni ake. M'dziko lonse la Malawi chiwerengero chawo chidafika pa miliyoni.

Apa mpomwe kamangidwe kaja kadaonetsa ubwino wake. Mlatho wolendewera pa zingwe, ngati wa Samora Machel wa mumzinda wa Tete, moyo wake wonse uli pa zingwe zikuluzikulu ndi nsanja zake. Zimenezo zikaduka, zonse zapita. Wa Dona Ana sudali wotero. Zigawo zomwe zidaphulitsidwa zidagwa zokha, zinzake zonse n'kutsala chiimire pa zipilala zake, zikuchita dzimbiri padzuwa ndi pamvula, koma zamoyo. Kwa zaka pafupifupi khumi palibe adazipaka penti kapena kuzithira girizi. Mtendere utabwera ndi pangano la ku Rome la pa 4 October 1992, amisiri sadafunikire kumanga mlatho watsopano. Adangofunika kukonza pomwe padathyoka.

Kukonzako kudachitika mu 1995 ndi thandizo la bungwe la USAID la ku America, koma mwanjira yomwe omanga a mu 1935 sakadaiganizira. Njanji ya Sena, yomwe imadutsa pamlathowu, inali itawonongeka kotheratu, sitima kunalibe, pomwe othawa nkhondo ankabwerera kwawo ndipo chakudya chinkafunika kufika kumidzi. Choncho pamlatho wa sitima adayalapo matabwa, n'kuusandutsa wa galimoto. Unali wa njira imodzi: za ku Sena zikamawoloka, za ku Mutarara zinkadikira. Madalaivala omwe adadutsapo m'zaka zimenezo amakumbukira kulira kwa matabwa pansi pa matayala ndi zitsulo zodutsa pafupi ndi galasi mbali zonse ziwiri, ulendo wosatha. Panthawiyo pamsewu waukulu wa dzikolo, pa Caia, panalibe mlatho. Malole ankafola masiku kudikira pantoni. Ambiri ankalolera kuzungulira pamsewu wafumbi kuti adzawolokere pa Dona Ana.

Wokonda zinthu zakale akhoza kudandaula kuti uku kunali kuwononga mbiri, kuika magalimoto pomwe padapangidwira sitima. Mlembi wa nkhani ino akuona mosiyana. Zaka khumi ndi chimodzi za matabwa zija ndi zomwe zidaupulumutsa. Mlatho womwe anthu akudutsapo tsiku ndi tsiku umakhala ndi mlonda pakhomo, umakhala ndi wina wodandaula bawuti ikamasuka, ndipo wakuba zitsulo amachita nawo manyazi. Wosiyidwa patchire umatha pang'onopang'ono, chitsulo chimodzichimodzi, n'kukapezeka pasikelo ya ogula zitsulo zakutha kapena utasanduka makasu ndi mbaula.

Mu 2006 udatsekedwa kwa magalimoto kuti ubwezeretsedwe kukhala wa sitima, ndipo ntchitoyo idatha mu 2009, chaka chomwe mlatho watsopano wa msewu wa Armando Emílio Guebuza udatsegulidwa pa Caia. Chomwe chidaudzutsa ulendo uno ndi malasha a ku Moatize. Makampani akuluakulu a migodi, monga Vale ya ku Brazil, ankafuna njira yopita kunyanja, ndipo njanji ya Sena idakonzedwa ndi ngongole ya World Bank. Mu 2011 malasha adayamba kutsika kupita ku Beira. Kachiwirinso, mlathowu udapeza moyo chifukwa anthu akutali anali ndi katundu wofuna kuwolotsa.

Kusamala mlatho wachitsulo ndi ntchito yosasangalatsa kuionera, ndipo n'chifukwa chake andale saikonda: palibe riboni yodula. Mdani wamkulu ndi dzimbiri, ndipo siliyamba pamalo poonekera. Limayamba m'makona momwe fumbi, zitosi za mbalame ndi madzi amvula zimakhazikika, pakati pa zitsulo ziwiri zophatikizana, pansi pa mutu wa liveti. Dzimbiri likamakula limatupa, n'kuyamba kukankha zitsulozo kuti zilekane. Mankhwala ake ndi akalekale: kupala mpaka chitsulo chiyere, kupaka penti wapansi, kupaka wapamwamba, n'kudzabwereranso zaka zingapo zikapita. Woyendera mlatho amayenda ndi kahamala, akugogoda maliveti limodzilimodzi. Lolimba limalira mwa nthetemya. Lomasuka limalira mogonthera, ndipo amalidula n'kuikapo bawuti yolimba. Kulinso zomwe zili pansi pa chigawo chilichonse, pomwe chitsulo chimakhala pa chipilala. Chitsulo chimatalika kukatentha n'kufupika kukazizira. Chigawo cha mamita 80 chimasintha ndi pafupifupi milimita imodzi pa digiri iliyonse, kotero pakati pa usiku wa mu June ndi masana a mu October kusiyana kwake kumafika masentimita angapo. Mbali imodzi ya chigawo idapangidwa kuti izitha kuyenda pang'ono. Pamenepo pakagwira dzimbiri n'kuuma, mphamvu yonse ija imakathera pa chipilala, konkire n'kuyamba kung'aluka.

Mtsinje nawo uli ndi zake. Madamu a Kariba, lomwe lidatha mu 1959, ndi Cahora Bassa, la mu 1974, adasintha kayendedwe ka madzi a Zambezi, koma sadathetse kusefukira. Mu 2001, 2007 ndi 2008 madera a Mutarara ndi Caia adamira, anthu zikwizikwi n'kusamutsidwa. Madzi othamanga amakumba mchenga kuzungulira chipilala, pansi pomwe diso silifika, ndipo milatho yambiri padziko lapansi imagwa chifukwa cha zimenezi osati chifukwa cha kulemera kwa katundu. Kuzama kwa zitsime zija ndi komwe kwausunga mpaka pano. Palinso kutopa kwa chitsulo. Chitsulo chikamapindika pang'ono n'kubwerera, kambirimbiri, timing'alu tosaoneka timayamba m'mphepete mwa mabowo a maliveti. Sitima za malasha za masiku ano n'zazitali ndi zolemera kuposa zomwe zinkanyamula mabokosi a tiyi, choncho funso la kulemera ndi liwiro lomwe mlathowu ungapirire liyenera kufunsidwa chaka ndi chaka.

Kampani yomwe idaumanga kulibenso. Cleveland Bridge idagwa mu 2021, fakitale yake ya ku Darlington n'kutsekedwa, milatho yake iwiri ya pa Zambezi ikadali pantchito. Wa pa Victoria Falls uli ndi mwayi wa malo: alendo amalipira kuti aujambule, ayende pansi pake, ena adumphepo atamangidwa chingwe kumiyendo. Wa Dona Ana uli kutali ndi mahotela, ndipo sudzakhala ndi mwayi wotero. M'maiko olemera milatho yotereyi ikakalamba amaichotsa pantchito, kuipaka penti wokongola, kuikapo chikwangwani cha mbiri, n'kuisiyira oyenda pansi ndi apanjinga. Kuno ndalama zosungira chinthu chifukwa cha kukongola kokha n'zosowa. Chomwe chingausunge mlathowu ndi kukhalabe wofunika, ndipo malasha okha si odalirika. Vale idamanga njanji ina yodutsa m'Malawi kupita ku Nacala, malasha ambiri n'kutembenukira kumeneko, kenako kampaniyo idagulitsa migodi yake n'kuchoka. Dziko lapansi nalo likunka lichepetsa kugwiritsa ntchito malasha. Katundu wokhalitsa, wosadalira mgodi umodzi, ndi yemwe mlathowu udamangidwira poyamba: wa dziko lopanda doko lomwe lili kumpoto kwake.

Apa mpomwe nkhaniyi imabwerera kumudzi, ndipo siikoma. Mu 1948 madzi adakokolola mlatho wa njanji wa pa Chiromo, pamtsinje wa Shire. Chaka chotsatira kudagwa njala yoopsa ya 1949, ndipo chimanga chochokera kunja chinkachedwa pamalo odukawo. Pofika 1950 mlatho wina unali utaima, sitima zikudutsa. Mu 1997 madzi adadulanso njira yomweyo, pakati pa Bangula ndi Chiromo, pamalo otchedwa Mtayamoyo. Ulendo uno palibe adathamanga. Anthu a ku Makhanga, Muona ndi madera ena a tsidya la kum'mawa kwa Shire akhala akuwoloka pamabwato, kulipira popita ndi pobwera, odwala ndi amayi oyembekezera omwe, pamadzi a ng'ona ndi mvuu. Madzi osefukira a mu 2015 ndi namondwe Freddy wa mu 2023 adangowonjezera pa bala lakale. Mwana yemwe adabadwa chaka chomwe njirayo idaduka lero ndi kholo, ndipo sadaonepo sitima ikuchoka m'tawuni ya Nsanje kupita ku Limbe.

Mbali ya Mozambique idachita zake: njanji yochoka pa Dona Ana kufika pa Vila Nova da Fronteira idakonzedwa, ndipo mu 2024 sitima yonyamula mafuta idafika pa Marka, koyamba patapita zaka pafupifupi 40. Ntchito yomanganso njanji ya pakati pa Marka ndi Bangula idayambika, ngakhale ikuyenda mwa apo ndi apo. Koma Bangula si Limbe. Sitima yochoka ku Beira ikhoza kuwoloka Zambezi yense pachitsulo cha 1935 chomwe chidaphulitsidwapo ndi mabomba, n'kudzalephera kuwoloka Shire. Aphungu a m'chigwa cha Shire, a unduna wa zamtengatenga ndi onse okonza bajeti ya dziko ayenera kufunsidwa funso limodzi nthawi iliyonse akatchula za njanji ya Sena: ndalama zolumikizira Bangula ndi Chiromo zili pati, ndipo ntchitoyo iyamba liti?